Vita, Osati Beta

Kalipentala uja Mulungu anamupatsa mawu mosayeza. Akapereka moni ali m'shedi yake yopalira matabwa kuseri kwa nyumba, oyankha ankakhala anthu a nyumba yachitatu. Mwiniwake ankanamizira makina, ati munthu amene wakalamba akupikisana ndi sowo yamagetsi sangathenso kunong'ona. Mkazi wake ankati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, chifukwa iye anamupeza akufuula kale, sowoyo isanagulidwe n'komwe.

Mawuwo sanamusowetsepo mtendere mpaka pamene anakhala ndi mdzukulu. Mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye, anapita kunja kukaphunzira unamwino, ndipo m'malo mobwera ndi satifiketi anakakwatiwa komweko ndi Mgiriki wina wokonza mainjini a sitima. Kumeneko kunabadwa mwana wamkazi. Kalipentala anamuona mdzukuluyo akukula pagalasi la foni: akukwawa, akuyenda, kenako atabereka chikwama cha kusukulu. Koma amake akangomuyandikizira foni n'kunena kuti nawa agogo ako, mkuluyo chimwemwe chinkamuchotsa nzeru. Ankaunjika nkhope yonse pagalasi, ndevu ndi mphuno yomwe, n'kufuula moni ngati kuti mawuwo awoloka nyanja okha popanda foni. Mwanayo ankaliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Pagalasi pankatsala denga la nyumba ya eni ake, ndi mawu a amake akupepesa kuti ndi manyazi chabe, azolowera.

Denga limenelo kalipentala analidziwa kuposa nkhope ya mdzukulu wake, moti anafika pozindikira kuti thabwa lina pamenepo linakhomedwa mopendama. Nkhaniyo ankaiseka pagulu, koma inkamupweteka. Ndipo ngakhale mwanayo akanaima, akanauzana chiyani? Ankaleredwa kwa agogo akuchimuna amake ali kuntchito, choncho pakamwa pake pankatuluka Chigiriki chokhachokha. Pa chilankhulo cha amake anatolapo mawu awiri, "bwera" ndi "siya". Mawu akuti "agogo" anali asanawatchulepo.

Tsiku lina mwana wake anaimba foni kunena kuti apeza tchuthi, akubwera onse atatu. Chinali tchuthi cha anthu apantchito, chachifupi. Mkazi wake anayamba zochapa makatani ndi kuyanika mabulangete. Kalipentala anakakhala pa benchi yake manja ali lende, chifukwa chimene iye ankafuna sichigulidwa m'sitolo. Ankafuna kuti mdzukulu wakeyo, asanabwerere, adzakhale pamiyendo pake mwa kufuna kwake, popanda womukankha kumsana. Ankadziwa kuti akaphonya ulendo uno, wotsatira udzapeza mwanayo atakula, akupereka moni wa dzanja ngati mlendo wa ku ofesi.

Kulankhula motsitsa sankatha, koma thabwa linkamumvera. Anali atamva kuti mwanayo, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wayamba kuphunzira zilembo kusukulu. Nzeru inabwera yakuti amusemere zilembo za kwawoko, chimodzichimodzi, ndipo iyenso aphunzire maina ake, kuti pakhale kanthu kamene awiriwa akudziwa limodzi. Vuto linali lakuti mwa zilembo zonse za Agiriki iye ankadziwa ziwiri zimene ankazimva kutchalitchi, choyamba Alefa, chomaliza Omega. Pakati ponsepo panali mdima.

Apa m'pamene analowerera mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, amene masana aliwonse ankabwera kudzamwa tiyi ndi kudzapeza zifukwa pa mipando ya eni ake. Atamva nkhaniyo maso anawala ngati wapatsidwanso kalasi. Kalipentala anayesa kunena kuti mwina ayambe ayang'ana pafoni kuti asasokoneze, popeza kufunsa mwana wake kukanaulula mphatso isanafike. Mphunzitsiyo anaika kapu pansi.

"Alamu, zilembo zimenezi ndalemba pabolodi mpaka choko chinandilowa m'mapapo. Mukafunse foni ine ndili moyo?"

Anatenga pensulo ya ukalipentala, yophwatalala ija, n'kuyamba kulemba pa thabwa kuchokera m'mutu, zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi. Zazing'onozo kalipentala anaziyang'ana kamodzi n'kuzikana, ati zikupindika ngati nyongolotsi, zingothyola sowo. Zazikuluzo ndiye anazikonda, chifukwa zambiri anali atazipanga kale osadziwa. Gama anali sikweya yake yeniyeni yoyezera ngodya. Delita linali denga la nyumba, lamuda makwerero otambasula miyendo, pai tebulo, pisai foloko. Kisai yekha ndiye anamukwiyitsa: mashelefu atatu oyandama m'malere, osagwirana paliponse. Ananena kuti amene anayambitsa chilembo chimenecho sanagwirepo nyundo, n'kuchilumikiza kumbuyo ndi kathabwa kopyapyala.

Mphunzitsi sankaona mipando. Kwa iye chilembo chilichonse chinali wantchito wodziwa malo ake: theta amakhala pangodya, pai amayeza zinthu zozungulira, sigima amasonkhanitsa manambala, delita amanena kusiyana. Anatola kamtengo n'kumaloza, uku mlamu wake akubwereza pambuyo ngati mwana wa sitandade wani. Alefa, beta, gama, delita. Akafika pakati, myu, nyu, kisai, pai. Kalipentala akalakwitsa, kamtengo kankagogoda benchi. Akakhoza, mphunzitsi ankati sizoipa kwenikweni kwa munthu wa msinkhu umenewo. Maneba anaphunzira nawo Chigiriki chaulere kudzera pampanda.

Mkazi wake ankaima pakhomo la shedi manja ali m'chiuno, kudabwa kuti munthu amene amalephera kuwerenga pepala la mankhwala ake lero walowa za Agiriki, chikhalirecho munthu wina amene anamupatsa ntchito yokhoma kabati akungobwerera pageti chimanjamanja. Ankanena zimenezo, koma ndi iye yemweyo amene anasoka kansalu kofewa koyala m'bokosi la zilembozo. Kalipentala anasema chilichonse chachikulu ngati chikhatho chake, nachikwecha ndi sandipepa mpaka osatsala poti n'kubaya chala cha mwana.

Tsiku lofika alendo, kalipentala anavala malaya oyera, anapesa ndevu, n'kulonjeza mkazi wake kuti alankhula ngati munthu wodzazonda matenda. Lonjezolo linakhala moyo mpaka pamene takisi inaima pageti. Anatsika mwana wake, anatsika mpongozi wake, munthu wamtali wofatsa, kenako panatsika timiyendo tiwiri ta masokosi ofiira. Anali mwana weniweni, osati wa pagalasi, ndipo chipumi chake chinali cha amake ali wamng'ono. Zonse zimene mkuluyo anakonzekera zinabalalika. Anatambasula manja n'kubangula kuti, "Alefa! Beta! Gama!" Agalu a maneba anayankha. Mpongozi, posadziwa ngati umenewu ndi moni kapena mayeso, anawerama mwaulemu. Mwanayo anali atalowa kale kuseri kwa miyendo ya bambo ake, ndipo sanatulukeko mpaka chakudya chitatha.

Bokosi analipereka tsiku lomwelo. Mwana wake atalitsegula n'kuona zilembo zitaunjikana pansalu, anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Mpongozi anatolapo chimodzi nayamikira kusalala kwake. Koma mwini mphatso anangosuzumira kamodzi, n'kuyang'ana manja amene anazisema, akuluakulu, a zipsera, n'kubisa nkhope m'diresi la amake. Bokosilo linatsekedwa n'kukankhidwira pansi pa sofa.

Masiku otsatira mwanayo anazolowerana ndi aliyense. Ankatsatira agogo ake aakazi kukhitchini atagwira m'mphepete mwa epuloni yawo. Ankayenda atanyamula mphaka mpaka mphakayo anasiya kukana. Ngakhale mphunzitsi, munthu wa nkhope ngati tsiku la mayeso, anamusekerera chifukwa ankatha kugwedeza makutu. Kalipentala yekha ndiye akalowa pakhomo ili, mwana ankatulukira lina. Anazimitsa sowo yamagetsi. Anayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe, ndipo patebulo ankangodya osalankhula. Koma chimunthu chachikulu cha ndevu chongoyang'ana duu chinkaopsa kuposa chofuula.

Mkazi wake anamuuza kuti asataye mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anayankha kuti nkhono ili ndi nthawi, koma mlendo ndi mame. Sankanama, pakuti m'nyumbamo anali atayamba kale kukamba za masutikesi ndi nthawi ya ndege. Zinamupweteka kwambiri, ndipo chimene chinkapweteka koposa chinali chakuti panalibe womukwiyira.

M'mawa wina mwana wake ndi mwamuna wake anapita m'tauni kukagula tinthu tokapatsa anzawo. Mkazi wake anali pa mpopi akuchapa, mdzukulu ali chapafupi ndi mphaka. Kalipentala anasolola bokosi lija pansi pa sofa n'kupita nalo kushedi. Anadziuza kuti akufuna kuwonjezera vanishi, koma zoona zake n'zakuti anachita chisoni kuona ntchito yake ikudya fumbi. Anandandalika zilembozo pa benchi monga momwe mlamu wake anamuphunzitsira, n'kuyamba kuzitchula akuzisisita ndi chala. Chisoni chinachita chimene mkazi wake analephera zaka zonsezo: mawu anatuluka otsika.

"Alefa," anatero. "Beta."

"Vita."

Mawuwo anachokera kukhomo. Kalipentala sanacheuke. Patsogolo pake panali kabati ya eni ake ija, ndipo pagalasi lake anaona masokosi ofiira ali pakhomo la shedi, mphaka akulendewera pamkono. Anaganiza kuti mwina mwanayo akulankhula ndi mphaka. Anakhudzanso chilembo chomwecho n'kunena kuti beta.

"Vi-ta," anatero mwanayo, akuponda pansi ndi phazi.

Mkuluyo anayesa, mosamala ngati wanyamula galasi: vita. Kenako anamva mphaka akutera pansi, ndipo pagalasi paja masokosi anasendera mkati pang'ono.

Anapita pa chachitatu n'kunena kuti gama. Mwanayo anapukusa mutu n'kutulutsa mawu ofewa ochokera kukhosi, ngati munthu akuchukucha madzi: ghama. Kalipentala anayesa, anangotsokomola. Kumbuyo kunamveka kakuseka kotsekedwa ndi dzanja. Delita anakhala dhelta, zeta anakhala zita, eta anakhala ita. Zinaoneka kuti mwanayu, ngakhale anali wamantha, anali ndi matenda a ku banja la agogo ake aakazi: sankatha kumva cholakwika n'kuchisiya chidutse. Cholakwa chilichonse chinkamukokera pafupi, ndipo mwa chisomo cha mlamu wake, kalipentala anali ndi zolakwa zokwanira.

Pofika pa theta mwanayo anali ataima pambali pa benchi, mutu wake ukulekeza m'chigongono cha agogo ake. Mkuluyo anatchula monga anaphunzirira, lilime likumenya kumwamba. Mwanayo anausa moyo ngati mphunzitsi wotopa. Analoza pakamwa pake kuti aonetse mmene lilime limakhalira pakati pa mano mpweya n'kumadutsa, koma atayasamula, mano ake awiri akutsogolo kunalibe, anali ataguluka. Lilime linangosuzumira pampata. Kalipentala naye anayasamula, ndipo pamalo omwewo panali mpata wake, umene thabwa linamusiyira kalekale. Anayang'anizana. Kenako onse awiri anatulutsa malilime n'kuuzira thita, ndipo utuchi umene unali pa benchi unauluka n'kuwagwera kumaso.

Kuseka kwa kalipentala kunaphulika konse, mpaka malata ananjenjemera. Anadzigwira pakamwa msanga, akudziwa kuti waononga. Mwanayo anadzidzimukadi, anabwerera m'mbuyo, maso ali tong'o. Anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana mzere wa zilembo umene unali usanafike n'pakati pomwe. Ntchito inali isanathe. Anakoka mkono wa malaya a agogo ake n'kuloza chotsatira.

Anapitiriza. Ayota anakhala yota, kapa anapulumuka osakhudzidwa, myu ndi nyu anafupika n'kukhala mi ndi ni, kisai wa mashelefu uja anakhala ksi. Apo mwanayo anaima. Chala chake chinakhala pakati pa ksi ndi pai, tebulo lija, pamene panalibe mpata uliwonse.

"Omikron?" anafunsa.

Kalipentala anamusonyeza pai. Mwanayo anakana. Anasuzumira m'bokosi, anakutumula kansalu, anagwada kuyang'ana pansi pa benchi, anapisa ngakhale m'thumba la epuloni ya agogo ake n'kungopezamo misomali. Nkhope inasintha. Anatembenuka n'kuyamba kulowera kukhomo, ndipo mkuluyo anangoti kakasi, osadziwa chimene walakwa kapena mawu omuitanira. Mawu awiri amene mwanayo ankadziwa analipo, koma "bwera" wochokera pakamwa pake akanathamangitsa ngakhale mphaka.

Koma mwanayo sanatuluke. Pafupi ndi khomo, pamene tsache linaunjika utuchi, ananjuta, nasalaza ndi chikhatho, n'kujambula ndi chala mzere wozungulira. Analoza chojambulacho, naloza pa benchi pakati pa zilembo ziwiri zija. Apo kalipentala anamva. Panali chilembo chimene chinasowa, ndipo sichinagwe m'bokosi, sichinasemedwe n'komwe. Anamutchula mlamu wake mumtima ndi mawu amene sitingawalembe pano, koma nthawi yokwiya panalibe. Anatola chidutswa cha thabwa lomwe lija, nachiika pa benchi, n'kupereka pensulo kwa mwini chilembo.

Benchi ya kalipentala si ya ana. Mwanayo anayesa kunyanyamphira, sanafikire. Mosaganiza n'komwe, monga amachitira ana kwa aliyense wamtali, anakweza manja onse awiri. Mkuluyo anapukuta zikhatho pa epuloni, namugwira m'khwapa, n'kumunyamula. Anali wopepuka kuposa mpando wa patebulo, ndipo tsitsi lake linkanunkhira sopo wa mkazi wake. Anamukhazika pa benchi pakati pa nyundo ndi botolo la guluu, atasuntha zakuthwa zonse.

Mwanayo anajambula, lilime lili pampata paja. Chimene chinatuluka chinali chozungulira mwa dzina lokha, chotupa mbali imodzi ngati dzira. Kalipentala ameneyu anali munthu woti mzere ukapendama pang'ono ankaphwasula chitseko chonse, ndipo kampasi yojambulira zozungulira inali pakhoma pomwepo. Sanaiyang'ane n'komwe. Anaboola pakati ndi choboolera chamanja, nalowetsa kasowo kakang'ono, n'kutsatira mzere wa mdzukulu wake mmene unalili, kutupa kwake komwe. Mwanayo ankauzira utuchi kuti mzere uzioneka.

Atatha kudula, anakhala pa kampando kuti akweche m'mbali. Mwanayo anafuna kukwecha nawo, ndipo njira yachidule yochokera pa benchi kupita pa sandipepa inadutsa pa mawondo a agogo ake. Anatsetsereka n'kukhala pomwepo, msana utatsamira pachifuwa chawo, akulimbana ndi chilembo chake. Kalipentala anaumiratu ngati thabwa. Anasangalala mpaka kuchita mantha, moti ankapuma pang'onopang'ono kuopa kuti chifuwa chikakwera kwambiri mwanayo azindikira pamene wakhala.

Mkazi wake, atasowa mwana pa mpopi, anabwera akuthamanga manja ali thovu lokhalokha. Anaima pakhomo. Mwamuna wake anamuyang'ana ndi maso omupempha kuti asanene kanthu. Mayiyo, amene sanasowepo chonena chikwatiwireni, anapukuta m'maso ndi mkono n'kubwerera ku zochapa zake.

Masana mphunzitsi anafika pa nthawi yake ya tiyi, n'kupeza kalasi yake italandidwa. Kalipentala anamunyamulira chilembo chatsopanocho n'kufunsa kuti alamu, ichi n'chiyani. Mphunzitsi anachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti mwina n'chokolekera katani, ndipo chapendama. Mwanayo anachilanda, nakachiika pamalo pake mumzere, n'kunena dzina lake momveka bwino. Mphunzitsi anayamba kutchula mzerewo chamumtima, milomo ikugwedera. Atafika pamenepo anadzimenya pachipumi n'kuseka mpaka anakhala pa mulu wa matabwa.

"Ameneyu sindinamulembepo ntchito, alamu. Amafanana kwambiri ndi ziro, ndiye pa masamu tinamusiya kunyumba. Zaka zonsezi sanabwerepo kudzadandaula."

Kalipentala anafunsa ngati tsopano angathe kukafunsa foni. Mphunzitsi anayankha kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo popeza wametedwa kale, bola ametedwe mutu wonse. Anakhala pa chitini cha penti pafupi ndi mlamu wake, nkhalamba ziwiri ndevu zili mbuu ndi utuchi, mwana ali ndi kamtengo kogogodera kaja. Kalipentala sanapitirize kumunyoza. Mumtima ankadziwa kuti mlamu wakeyu akanamuphunzitsa zolondola, mwanayo akanangomvetsera pakhomo paja n'kubwerera kwa mphaka wake.

Makolo a mwanayo pobwera ku tauni anamva phokoso kuseri n'kulunjika komweko. Anapeza mwana wawo ali pamiyendo pa agogo ake, atagwira ndevu zawo ngati chingwe, akutembenuzira mutu wawo ku chilembo chimene akufuna. Amake anagwetsa thumba la zogula. Mphunzitsi sanachedwe, anapanikiza mpongoziyo kuti aweruze mlandu: ndani akunena zoona? Mgirikiyo anafotokoza kudzera mwa mkazi wake kuti maina a aphunzitsi si abodza, ndi mmene zilembozo zimatchulidwira m'masukulu a maiko ena kumene zinapita kukagwira ntchito ya masamu. Koma kwawo, kumene zimagona n'kudzuka, beta ndi vita, tau ndi taf, fai ndi fi, pai ndi pi. Mphunzitsi anavomera zonse kupatula chomalizacho. Ati ena onsewo atenge maina a kwawo, koma pai anagwira naye ntchito nthawi yaitali, sangayambe kumutcha dzina lina atakalamba.

Masiku otsalawo anathamanga ngati aba kanthu. Sowo yamagetsi inayambanso kulira, mwana atatseka makutu pakhomo akuseka. Mawu a kalipentala anabwerera m'malo mwake, ndipo mdzukulu anaphunzira kuti bingu limeneli siligwetsa mvula. Sukulu inkayamba m'mawa tiyi asanazizire. Khi, wa mpweya wokanda kukhosi, anamuvutitsa mkuluyo kwambiri, koma pofika tsiku lonyamuka alendo ankatha kutchula mzere wonse kuyambira alfa mpaka omegha osagogoderedwa benchi. Chimodzi chokha chinatsala. Mwanayo akamufuna ankangomukoka malaya, sankamuitana dzina lililonse. Kalipentala anadziuza kuti munthu asamachite dyera, anapempha miyendo ndipo wapatsidwa.

Polongedza katundu, amake anaika bokosi la zilembo pansi pa sutikesi, pakati pa zovala. Mwanayo analitulutsa. Analibwezera, analitulutsanso. Kenako analikumbatira n'kupita nalo kushedi, banja lonse likumutsatira, nakaliika pa benchi. Analankhula Chigiriki chachitali, chala chili m'mwamba. Kalipentala mtima unali m'mwamba, poganiza kuti mphatso yakanidwa kachiwiri. Mwana wake anamvetsera mpaka kumapeto, akuluma milomo kuti asaseke.

"Akuti simunamalize sukulu, bambo. Akuti zilembozi zitsale kuno muziwerenga tsiku lililonse, azikuyesani mayeso pafoni."

Mwanayo anatsegula bokosi n'kutengamo chimodzi chokha, chozungulira chopendama chija. Anachilowetsa padzanja ngati chibangili, ndipo anakwera nacho takisi chili pomwepo. Asanakwere, pageti analola kunyamulidwa, nakwirira nkhope m'ndevu zija kanthawi. Takisi itapita, kalipentala anakalowa m'shedi n'kuyatsa sowo popanda thabwa loti adule, ndipo mkazi wake anamusiya.

Foni inalira Lamlungu lotsatira masana. Mkuluyo anali atakonzeka kale: zilembo zili pamzere, mpata wa omikron utasiyidwa pamalo pake, foni itatsamiritsidwa pa botolo la guluu. Mkazi wake anamukumbutsa kuti akhale patali ndi galasi. Mphunzitsi, amene anati wangodutsa, anali atakhala kale pa chitini chake cha penti.

Pagalasi sipanaoneke denga. Panadzaza nkhope yonse, mphuno itakanikiza galasi, mano atsopano atayamba kusuzumira pampata paja. Mwanayo anabwerera m'mbuyo pang'ono, naonetsa dzanja la chibangili, n'kugogoda tebulo la kwawoko ndi pensulo kuti mayeso ayambe.

Kalipentala ananyamula choyamba n'kunena kuti alfa. Mphunzitsi wamng'onoyo anagwedeza mutu kuvomera. Ananyamula chachiwiri. Ankachidziwa bwino lomwe, anali atachitchula m'mawa uliwonse chichokereni alendo. Anayang'ana mzere wonsewo, n'kuona kuti munthu wokhoza zonse mayeso ake sachedwa kutha. Mlamu wake, poona kuchedwako, ananong'oneza kuchokera pa chitini kuti vita, alamu, vita. Mkuluyo anakoka mpweya wodzaza chifuwa.

"Beta!"

Kutsidya kwa nyanja pensulo inagwa pa tebulo. Nkhope inabwereranso pagalasi, yokwiya ndi yoseka nthawi imodzi.

"Ayi, agogo! Vita!"

Mkazi wake anagwira pamtima. Kalipentala anasendera pafupi, naika dzanja kukhutu ngati munthu amene sanamve bwino, kuti mwanayo abwereze.